Nsawawa Zoswa Zandipulumutsira Malasha

Abale, malasha akwera mtengo muno mu Lusaka, ndiye ndayamba kuchenjera. Loweruka ndinagula nsawawa zoswa ku Kamwala, zachikasu zija amwenye amaphikira ndiwo zawo zotchedwa dal. Ndi nsawawa zouma, anazichotsa khungu n'kuzigawa pakati, basi.

Sindinaviike n'komwe. Ndinangotsuka, kuteleka pa mbaula, thovu loyera litayandama ndinaliwola ndi chipande. Ola lisanakwane zinali zitasungunuka, phalaphala ngati chipere cha kumudzi ku Chipata. Nyemba za kabulangeti zija mumadziwa, maola awiri kapena atatu zikungobwata, mbaula kuithira malasha kawiri. Nzama ndiye musanene.

Koma musayembekezere msuzi wa njerenjere ngati wa khobwe. Izi zimaphwanyika zonse, ndipo ukangoiwala kutakasa zimagwira pansi pa poto. Zanga zinapserera pang'ono ndili pa foni. Ndinakazingira anyezi, tomato ndi kale pambali n'kusakaniza.

Apongozi atalawa anati, "Amake mwana, nandolo ameneyu mwamutenga kuti?" Ndinawauza kuti si nandolo, amangofanana maonekedwe. Sanakhulupirire, koma anapempha ntanda wina wa nsima.