Mmene katuni imodzi inandisenzetsera madzi ku Chennai

Ndamva kuti nkhani ija yafika mpaka kwa alamu anga ku Area 25 ndipo kumeneko yakula, akuti ndinamangidwa ku India. Sindinamangidwe ine. Amene akufalitsa zimenezi ndi mnzanga uja tinkakhala naye chipinda chimodzi, ndipo mukamva mbali yake mudziwa chifukwa chake amathamangira kuikamba iyeyo poyamba. Ine ndinangoweruzidwa basi, ndi komiti ya anthu asanu, pamalo oimikapo njinga zamoto, nditavala kabudula wogonera.

Unali June wa 2019. Madamu anayi amene amamwetsa mzinda wa Chennai, Poondi, Cholavaram, Red Hills ndi Chembarambakkam, anali atauma gwa, ukatsegula mpopi umangoti fyooo mpweya wokhawokha, moti mwezi wotsatirawo boma linachita kumanyamula madzi pa sitima kuchokera ku Jolarpettai, mabogi 50, ngati kuti madzi ndi feteleza. Pa mdadada wathu tinali mabanja 12, timasonkha ndalama zoitanira bauza, koma ndalama zimakwera sabata iliyonse pomwe madzi ake osaoneka. Nde abale munthu amene watha masiku atatu osasamba, kunja kukutentha ngati Nsanje yaikidwa mu uvuni, saganizira wina aliyense zabwino. Chimenecho muchisunge, chikhala chofunika kutsogoloku.

Landilodi wathu anali gogo wina wopuma ntchito ku njanji, tonse timangowatcha Thatha, ndiye kuti agogo m'Chitamil, iwo amanditcha Thambi, mng'ono. Mkulu ameneyu anali ndi kabati yonse ya magazini ya Ananda Vikatan, zaka ndi zaka, zosokedwa pamodzi ndi ulusi ngati mabuku a nyimbo a kutchalitchi, zonunkha mankhwala a njenjete. Atangodziwa kuti ndimajambulajambula (ku sekondale ndinakwapulidwapo kawiri chifukwa cha mphuno ya a Geography) basi ndinakhala mwana wawo wa sukulu. Madzulo alionse khofi wa mu katambula kachitsulo, iwo kutsegula buku, kuloza katuni, kuyamba kundimasulira, asanafike pamene pali nthabwala paja n'kuyamba kuseka okha mpaka kutsokomola, ine n'kumasekanso mwaulemu osadziwa chomwe ndikuseka.

Munthu wawo anali Madhan. Eee, ukangomutchula Madhan khofi amazizira. Anabadwira ku Srirangam mu 1947, analowa ku Vikatan ngati wojambula makatuni mpaka anakwera kukhala mmodzi wa akonzi akuluakulu a magaziniyo, ndipo anali ndi tsamba lake la mafunso lotchedwa Hai Madhan pomwe owerenga amafunsa chilichonse chomwe chawabwerera m'mutu iye n'kumayankha, kenako analembanso mbiri ya mafumu a Mughal pang'onopang'ono mu Junior Vikatan, kenako pa TV kumaunika mafilimu. Thatha amati taona Thambi, munthu uyu timizere tinayi tokha koma wamudziwa kale kuti uyu ndi wandale ndipo wadya kale. Anandionetsanso kamunthu kena ka Madhan, Munjakkirathai Muthanna, bambo wosamalitsa mopyola muyeso, woti amakonzekera ngozi yomwe sinaganize n'komwe zobwera. Ndinamuseka kwambiri Muthanna. Ndikanangotengako kotala ya khalidwe lake bwenzi lero ndilibe nkhani.

Koma imene inandilowa m'mutu ndi ya 1987. Iyi Thatha amaikamba ataimirira, veshti, nsalu ija abambo kumeneko amavala m'chiuno, atapindira m'maondo. Vikatan inaika pachikuto katuni ya andale awiri ali pa nsanja, wina m'gulu la anthu n'kufunsa kuti kodi phungu ndi uti, nduna ndi iti, mnzake n'kuyankha kuti wooneka ngati wopisa m'matumbayo ndi phungu, wooneka ngati chigawengayo ndi nduna. Nyumba ya malamulo ya Tamil Nadu, chigawo chomwe muli Chennai, inapsa mtima. Sipikala P. H. Pandian, amene ankati mphamvu zake zimafika kuthambo, anafuna kuti mkonzi S. Balasubramanian apepese. Mkulu uja anakana, anamugamula miyezi itatu ya ukaidi, dziko lonse linachita phokoso mpaka patangopita masiku awiri anamutulutsa, nthawi imeneyo nduna yaikulu ali M. G. Ramachandran. Iye osasiyira pomwepo, anapita kukhoti, mu 1994 khoti lalikulu la Madras (dzina lakale la Chennai) linati ampatse chipukuta misozi cha marupi 1,000, ndalamazo sanadye, anaziika mu fulemu n'kupachika pakhoma. Thatha akafika pamenepa amawonjezera kuti bambo ake a mkonziyo, S. S. Vasan, anagula magazini yonseyo mu 1928 ndi marupi 200 okha, ndiye masiku awiri a kundende anabweza mtengo wa magazini kasanu, n'kuseka mpaka Mami, akazi awo, kukuwa kuchokera kukhitchini kuti mufa nazo.

Nde usiku wina magetsi ali bwinobwino koma madzi ayi, thupi likunata, ndinatenga bolopeni. Ndinajambula wapampando wa komiti ya mdadada wathu ndi msungichuma atakhala pamwamba pa bauza, pansi anthu ali pamzere ndi mitsuko yawo ya pulasitiki ija yamitundumitundu, kamwana kakufunsa kuti msungichuma ndi uti, mayi ake akuyankha kuti wooneka ngati wopisa m'matumbayo, wooneka ngati chigawengayo ndi wapampando. Inde ndinabera nzeru, sindikukana. Koma kujambula kwake amwene, ndisaname, sindinajambulepo bwino chonchija moyo wanga wonse. Wapampando anali ndi ubweya wotuluka m'makutu ngati ndevu za chimanga, ndinauika wonse. Msungichuma mphuno yake ija yokhota ngati chogwirira ambulera, ndinaiika, ndi kathumba kake kakukhwapa.

Cholinga chinali choti aone Thatha okha. Mu foni mwanga Thatha ndinawasunga ndi dzina la mdadada chifukwa ndi kumene ndimalipira lendi, gulu la WhatsApp la mdadada nalonso dzina lomwelo, sikirini yosweka pakona, chala cha thukuta. Mundiuze inuyo. Ndinatumiza cha m'ma 11 usiku, ndinalembanso pansi pake kuti Madhan wa ku Africa wafika, n'kugona tulo tokoma ta munthu amene wagwira ntchito.

Ndinadzuka 6 koloko mauthenga 64. Nthawi imeneyo Delete for everyone inkagwira ola limodzi ndi timphindi basi, ine ndinali nditadutsa ndi maola asanu ndi limodzi. Ndinadinabe. Ndinadina ngati kasanu. Madzi anali atachita katondo, ngakhale madziwo kunalibe.

Anabwera kudzanditenga ndi mlonda, mwaulemu ndithu, akuti saar akukuitanani pansi. Pa masitepe onse atatu aja ndimakonza mawu. Ndinati lero ndi lero, Balasubramanian anakana kupepesa pamaso pa nyumba ya malamulo yonse, ine ndingaope anthu asanu okhala pa mipando ya pulasitiki? Ndinena kuti cholembera sichipepesa. Ndinaibwereza kangapo, cholembera sichipepesa, inkamveka bwino zedi. Nditangokhota pakona n'kuona makutu a wapampando aja maso ndi maso, pakamwa panga panatuluka pepani saar, pepani saar, pepani madam, pepani saar, mpaka ndinapepesa mlonda amene sanali mu katuni. Mkonzi uja anapirira masiku awiri. Ine masekondi anayi, ndipo palibe anali atandifunsa kalikonse.

Apa nde pamene ndimafuna mumvetsetse, chifukwa mnzanga uja amapadumpha. Anthu asanu onse anatulutsa mafoni, aliyense kukulitsa katuni ndi zala ziwiri, kuiyandikitsa kumaso, kutsitsa magalasi, chete ngati madokotala akuona X-ray ya munthu woti sachira. Mphindi yathunthu. Khwangwala kulira pa waya. Ine chiimire mu kabudula wa maluwa, mutu zyoli. Wapampando akuyang'ana foni, n'kuyang'ana ine, dzanja lawo pang'onopang'ono likukwera lokha kukagwira khutu, n'kulibweza msanga.

Woyamba kulankhula anali msungichuma, ndipo ndinadziwa kuti za umbava zija zafika. Anakonza kukhosi n'kuti, Thambi, ndili ndi funso limodzi. N'chifukwa chiyani ine ndine wopisa m'matumba, awa chigawenga?

Ndinati saar?

Akuti mu katuni ya 1987 ija, imene aliyense pamenepo amaidziwa kuposa ine, wopisa m'matumba ndi phungu wamba, chigawenga ndi nduna. Ndiye iweyo ukutanthauza kuti ine ndine wamng'ono kwa awa? Ine ndagwira ntchito ku banki zaka 31, awa amagulitsa matayala. Ndalama zonse zimadutsa m'manja mwanga, awa amangosaina osawerenga, ndiye ngati pali kuba pano wamkulu wa kubako angakhale ndani? Wapampando naye osagonja, akuti udindo ndi udindo, wapampando ndi wapampando ngakhale pa umbava, mnyamatayu walondola ndondomeko. Abale inu. Akuluakulu awiri a imvi zawo, 7 koloko m'mawa, osasamba onse, kukanganirana kuti woyenera kukhala mbava yaikulu ndani, Chitamil chikuthamanga ngati sitima ya ku Jolarpettai ija, mlembi akulemba maminitsi. Amalemba ndithu! Ndinaona ndi maso angawa akutembenuza tsamba.

Kenako inabwera ya mphuno. Msungichuma anati komanso mphuno yanga si yotere. Anaitanitsa akazi awo kuchokera pa khonde kuti achitire umboni. Mayi aja anatsika, kulandira foni, kuyang'ana katuni, kuyang'ana amuna awo cham'mbali, kuwatembenuza chibwano ndi chala kuti aone bwino mbali inayo, n'kunena kuti mwanayu wakukomerani mtima, waichepetsa. Mayi wina wa mu komiti amene sindinamujambule n'komwe anafunsa kuti nanga iye bwanji mulibe, kodi sali mu komiti? Thatha nthawi yonseyi ali pa mpando wawo pakhomo, thaulo kukamwa, mapewa akugwedezeka, osandithandiza ngakhale liwu limodzi, munthu amene anandiphunzitsa zonsezi.

Ndinayamba kuona ngati ndapulumuka, mwina mpaka ndalemekezeka. Ndinadzutsako mutu pang'ono. M'pamene msungichuma anatsegula kathumba kakukhwapa kaja, komwe ndinakajambula bwino kaja, n'kutulutsa kope. Ndalama iliyonse inalembedwa, tsiku, bauza, malita, risiti yomata ndi guluu. Anawerenga nyumba imodzi imodzi, yapereka, yapereka, yapereka. Pa nyumba 12 imodzi yokha ndi imene inali isanapereke masabata atatu, ndipo iwo amaikirira ndi ndalama za m'thumba mwawo poti ndi ana asukulu ochokera kutali, asawachititse manyazi.

3B. Kwathu.

Ine gawo langa ndimapereka, Mulungu ndi mboni, ndimampatsa mnzanga uja Lolemba lililonse kuti akaphatikize ndi lake akapereke. Iye amakadyera biryani. Ameneyo ndi amene lero akukuuzani kuti ndinamangidwa. Pa nthawi ya mlanduyo anali m'chipinda atadzikhomera, akuti amawerenga.

Chigamulo chinali chakuti bauza ikabwera ndizisenzera madzi nyumba za okalamba onse kwa sabata ziwiri, komanso ndijambulenso katuni ina yokonza zolakwika. Ndimaganiza kuti kukonza kwake ndi kuchotsa za umbava. Ayi. Amafuna onse asanu alowemo, msungichuma akhale kutsogolo, ubweya wa m'makutu uchepe ndi theka. Za mphuno anavota, inatsala momwemo, atatu kwa awiri.

Mtsuko wa pulasitiki uja amayi a ku Chennai amaunyamulira m'chiuno ngati mwana, akuyenda akucheza. Ine ndinayesa m'chiuno unanditaikira, ndinati ndisenze pamutu ngati kwathu poti ndinakulira ku mjigo, ndinaiwala kuti amasenza anali achemwali anga ine ndimangopopa. Tsiku loyamba ndinafika pamwamba ndi theka, theka linalo lili pa ine, komabe kunali kusamba kwanga koyamba sabata imeneyo nde sindinadandaule kwenikweni. Ana a pa mdadada anayamba kunditcha Madhan saar, ndikamadutsa ndi mtsuko amaimirira n'kuchita sailuti.

Tsiku lomaliza Thatha anandiitana, khofi mu katambula, n'kutulutsa marupi 10 atsopano. Akuti Thambi, khoti lalikulu la nyumba ino lapeza kuti unazunzika, ichi ndi chipukuta misozi, ukachiike mu fulemu ngati mkonzi uja. Ndinalandira ndi manja awiri, ndinakhudzidwa ndithu, ndinapita mpaka kukafunsa mtengo wa fulemu, anati 150. Pobwerera ndinadutsa pa kashopu ka tiyi paja pamakhala vada wotentha, timandasi ta kumeneko.

Katuni yachiwiri ija ndikumva kuti ikadali pa bolodi la zidziwitso, pafupi ndi nambala ya pulambala. Mnzanga uja sanandibwezerebe ndalama za masabata atatu.