Babu Likayaka Ndidya Choko

Sukulu yathu ilibe timipira tapulasitiki topangira zifanizo za mamolekyulu, ndiye phunziro la Fomu 3 la chemical bonding, kagwiranidwe ka maatomu, ndimakaligula kumsika. Titamva kuti alendo oyendera sukulu abwera Lachinayi kudzaonerera phunziro la sayansi, ndinatsikira kumsika waukulu wa Zomba Lachitatu madzulo. Matimati ang'onoang'ono akhale oxygen, poti akatswiri anagwirizana kuti oxygen azikhala wofiira. Carbon amayenera kukhala wakuda, choncho ndinasankha mandasi opserera, mayi wogulitsa mpaka anandiyang'ana kawiri. Chlorine ndi wobiriwira, mandimu aawisi anakwanira. Hydrogen ndinagula mtedza wophika, chifukwa wokazinga umasweka pakati ukangoubaya. Timitengo tolumikizira ndinazula patsache lakunyumba, nkhani yomwe sinathebe mpaka lero.

Ndinagona pakati pa usiku ndikubaya. Madzi, H2O, ndi tomato mmodzi ndi mtedza uwiri, koma timitengoto tisaloze uku ndi uku molunjika. Tipindike, ngodya yake ikhale madigiri 104.5, chifukwa oxygen ali ndi mapeya awiri a maelekitironi osagawana ndi wina aliyense ndipo mapeyawo amakankhira ma hydrogen mbali imodzi. Methane, CH4, ndiye amavuta. Ana amakonda kumugoneka patebulo ngodya zonse 90, chonsecho iye amaima ngati mpando wamiyendo itatu wokhala ndi ndodo yoloza kumwamba, ngodya iliyonse 109.5. Carbon dioxide ndi ndasi pakati, tomato uku tomato uku, timitengo tiwiritiwiri mbali iliyonse, zonse mumzere umodzi. Kamtengo kamodzi ndi peya imodzi ya maelekitironi ogawana, ndiwo covalent bond imeneyo. Mchere sindinaupangire chifanizo chatimitengo. Mu sodium chloride mulibe kugawana. Sodium ali ndi maelekitironi 11, okhala 2, 8, 1, amataya imodzi yakunjayo n'kukhala Na+. Chlorine ali ndi 17, okhala 2, 8, 7, amaitola n'kukhala Cl-. Kenako maayoniwo amakokana mumulu waukulu, aliyense atazunguliridwa ndi anzake asanu ndi mmodzi amtundu winawo, ndiyo ionic bond imeneyo. Mwana akajambula kamzere pakati pa Na ndi Cl, dziwani kuti phunziro lamudutsa.

Zifanizozo ndinaziyala pamadesiki 7 koloko m'mawa, gulu lililonse mbale yake. Alendo anafika 11 koloko. Amene anaphunzitsapo ana obwera wapansi kuchokera ku Chinamwali ndi ku Matawale osadya kanthu aona kale kumene nkhaniyi ikupita.

Alendowo anali awiri, bambo wina wachete ndi mayi wamagalasi amene Ahedi anandinong'oneza kuti chemistry anaiphunzira ku Chanco. Anakhala kumbuyo, mabuku pamiyendo. Ndinaitana gulu loyamba kuti lionetse methane. Ndasi linabwera ndi timitengo tinayi, mtedza utatu. Gulu lachiwiri linakweza madzi: tomato, timitengo tiwiri, mtedza umodzi. Mayi aja anatsitsa magalasi.

"Ameneyo ndi hydroxide, Aphunzitsi?"

Ndinati inde Madamu, OH, valensi yake 1, tifika kumeneko posachedwa. Mtsikana amene ananyamula chifanizocho sanathe kuvomereza chifukwa m'kamwa munali modzaza.

Gulu lachitatu ndi limene linandimaliza. Ndasi la carbon dioxide kunalibe, ngakhale nyenyeswa. Mnyamata wina wamtali wokhala kumbuyo anali atalumikiza matimati awiri otsalawo ndi timitengo tiwiri, ndipo anachikweza m'mwamba mopanda manyazi, milomo ili mafuta okhaokha.

"O2, Sala. Carbon wasanduka chakudya, oxygen watsala. Photosynthesis."

Choipa n'chakuti chifanizo chakecho chinali cholondola. Maatomu awiri a oxygen amagwiranadi ndi mapeya awiri. Mandimu okha ndi amene anapulumuka, ndiye Cl2 tinamuphunzira bwino kwambiri tsiku limenelo.

Ndinathawira kubolodi, kumene kulibe chodyedwa. Kulemba fomula ndi ntchito yomwe ndingaigwire ndili m'tulo. Lemba chitsulo poyamba, chinzakecho pambuyo, ika valensi, nambala ya manja amene chimagwirira chinzake, pamwamba pa chilichonse, kenako sinthanitsa manambalawo uwatsitsire pansi. Magnesium 2, chlorine 1, watuluka MgCl2. Aluminium 3, oxygen 2, watuluka Al2O3. Calcium 2, oxygen 2, usalembe Ca2O2, chepetsa ikhale CaO. Gulu la maatomu loyenda limodzi likafunika kawiri, litsekere m'mabulaketi: laimu wopaka nyumba ndi Ca(OH)2, ukalemba CaOH2 wawerengera hydrogen yekha kawiri ndipo malikisi apita. Feteleza wa ammonium sulphate naye chimodzimodzi, (NH4)2SO4. Mayina nawo ali ndi malamulo ake. Dzina lothera ndi -ide kawirikawiri limanena kuti muli maelementi awiri okha, kupatula ochepa monga hydroxide uja wadyedwa mtedza. Lothera ndi -ate limanena kuti mulinso oxygen, ndipo -ite ndi mng'ono wake wa oxygen wocheperako: sulphate ndi SO4, sulphite ndi SO3, sulphide ndi S yekha. Chitsulo chokhala ndi mavalensi awiri osiyana chimafuna nambala yachiroma, iron(II) chloride ndi FeCl2, iron(III) chloride ndi FeCl3. Popanda chitsulo timawerenga maatomu ndi mono-, di-, tri-, ndipo kusiyana kwa carbon dioxide ndi carbon monoxide aliyense wa ku Zomba akuyenera kukudziwa, chifukwa kuzizira kwa June kukatsika m'phirimu anthu amalowetsa mbaula m'chipinda n'kutseka mawindo, ndipo CO sanunkha, amangokugoneka.

Ana ankayankha, choko chinkayenda, bambo wachete uja mpaka anagwedeza mutu. Mtima unakhala m'malo. Unakhala m'malo mopitirira muyeso.

Chinatsala chinali chionetsero cha babu, chimene chimasiyanitsa ionic ndi covalent ana akuona ndi maso. Zipangizo zake n'zosavuta. Mabatire a tochi anayi a 1.5 V kuwalumikiza mondondozana kuti apereke 6 V, chifukwa awiri okha babu limangofiirira mwaulesi. Kababu katochi ka 2.5 V. Mawaya atatu. Timitengo tiwiri ta carbon tochotsa m'mabatire akutha, totsukidwa bwino, totalikirana sentimita imodzi m'kapu. Madzi akhale amvula kapena otchezedwa kulabu, osati apamjigo, chifukwa apamjigo ali kale ndi maayoni awo. Musagwiritse kababu ka LED, kamayaka ndi mphamvu yochepa kwambiri moti ngakhale madzi apampopi amakayatsa, ndiye simusiyanitsa kanthu. Masupuni awiri a tiyi pa 100 ml ya madzi akwanira. Mchere wouma supititsa magetsi popeza maayoni ake ndi omangika, koma ukasungunuka amamasuka n'kuyamba kuyenda, babu n'kuyaka. Shuga amasungunuka bwinobwino koma amakhalabe mamolekyulu athunthu opanda chaji, babu osayaka.

Shuga wake ndinagula kumayambiriro kwa teremu, woyera dala kuti afanane ndi mchere. Podziwa anzanga a mu sitafu rumu, pabotolo sindinalembe kuti shuga. Ndinalemba C12H22O11, n'kulibisa pashelefu yapamwamba, kuseri kwa mabuku akale a MSCE. Ndinkadziona wochenjera kwambiri.

Kapu yoyamba, madzi okha, babu zii. Kapu yachiwiri, NaCl, babu ngwee. Ana anaombera m'manja. Ndinatsuka timitengo ta carbon tija ndi madzi oyera, zomwe ambiri amaiwala ndipo mchere wotsalira umawanamiza. Kenako ndinatapa masupuni awiri m'botolo la C12H22O11, n'kuvundula. Apa m'pamene pakamwa panathamanga kuposa mutu.

"Uyu ndi covalent. Mulibe ayoni ngakhale imodzi. Babu ili likayaka, ine ndidya choko ichi pamaso panu."

Ndinaviika. Babu linayaka kuposa poyamba paja.

M'kalasi munati zii, kenako phokoso linaphulika moti a Fomu 4 anasuzumira pawindo. Ndinavuula, linazima. Ndinaviikanso, linayaka. Ndinayang'ana ngati timitengo tagundana pansi pa madzi, chifukwa tikagundana magetsi amadutsa mwachidule ndipo babu limayaka ngakhale m'kapu mulibe kanthu. Sitinagundane. Ndinasintha kapu, madzi atsopano, masupuni ena awiri. Ngwee. Bambo wachete uja anayamba kulemba mofulumira, ndipo m'mutu mwanga ndinkaona kale kalata yonditumiza kusukulu ina kutsidya kwa nyanja ya Chilwa.

Anandipulumutsa ndi mtsikana wa hydroxide uja, atameza. Anayandikira kapu n'kukwinya mphuno.

"Sala, shuga wanuyu akununkha WaterGuard."

Zoonadi, timitengo tonse tiwiri tinkatulutsa thovu. Kolumikizidwa ku negetivu kankatulutsa hydrogen, kolumikizidwa ku pozitivu kankatulutsa chlorine, ndipo fungo lake silibisika. Mu C12H22O11 muli carbon, hydrogen ndi oxygen basi. Chlorine sangachokere m'menemo ngakhale mutapemphera usiku wonse. Kulabu sitilawa zinthu, limenelo ndi lamulo loyamba, choncho ndinayatsa kandulo n'kuika pang'ono pasupuni yachitsulo. Shuga amayamba kusungunuka cha pa madigiri 186, n'kufiira, n'kuda, kununkhira ngati switi yopserera, chifukwa mphamvu yokokana pakati pa mamolekyulu ake ndi yochepa. Mchere umafuna madigiri 801, kandulo singatenthetse supuni kufika pamenepo. Zapasupunizo zinangothetheka, zili mbuu. Nditapendeka botolo padzuwa ndinaona mzere: pansi penipeni kashuga kokwana chala chimodzi, pamwamba ponse mchere. Wina ankatapa shuga tsiku ndi tsiku n'kumabwezeramo mchere wa m'botolo linalo kuti mulingo usatsike. Ndinadzamva pambuyo pake kuti pasukulu yonse, kuyambira aphunzitsi a Chichewa mpaka alonda ausiku, fomula yokhayo imene aliyense ankaidziwa pamtima inali C12H22O11.

Ndinafotokozera kalasi zonsezi mwaulemu wanga wonse, n'kunena kuti sayansi yapambana, covalent sanayatse babu, wayatsa ndi ionic wobisala. Ndinayamba kulongedza mawaya. Mnyamata wa photosynthesis anaimika dzanja.

"Sala, munati babu likayaka. Simunati shuga akayatsa."

Ndinayang'ana kwa alendo kuti mwina andithandiza. Mayi aja anatseka buku lawo n'kunena kuti lonjezo la mphunzitsi ndi ngongole, koma chakudya chisadyedwe chisanatchulidwe dzina. Anafunsa ana kuti choko ndi chiyani. Theka la kalasi linati calcium carbonate, ena anati calcium sulphate. Onse akhoza kukhoza, zimatengera fakitale. Anandiuza ndiitanitse viniga. Carbonate ikakumana ndi asidi imachita thovu la carbon dioxide, sulphate imangonyowa. Tinadontheza. Choko chathu chinangonyowa. Ana anapita kubolodi mmodzimmodzi: calcium valensi 2, sulphate valensi 2, chepetsa, CaSO4, mabulaketi osafunika popeza gululo lilipo kamodzi. Wina anawonjezera kuti -ate akusonyeza kuti Sala adyanso oxygen, ndiye asadandaule. M'zaka zonse zomwe ndaphunzitsa mutu umenewu sindinaonepo kalasi yolemba fomula mwachangu chotere.

Ndinaluma kachidutswa kakang'ono ngati njere ya chimanga. Choko sichiwawa, sichitsekemera, chimangoyamwa malovu onse m'kamwa n'kumata kumano, moti mawu otsekera phunziro anatuluka ngati ndikuyankhula m'thumba la ufa. Ana anaimirira okha popanda kuuzidwa n'kuyankha kuti zikomo Sala.

Ku ofesi ya Ahedi tinapeza tiyi atathiridwa kale m'makapu, wamkaka, ndi mabanzi pambale. Ine ndinali woyamba kutola kapu chifukwa cha choko chija. Ndinamwa kwambiri kamodzi, n'kuima. Ahedi anamwa, maso anatuluka, koma poti ndi mwini nyumba anameza. Bambo wachete uja anayankhula koyamba tsiku lonse, anati mkaka wa kuno ndi wachilendo. Amesenjala anali chiimire pakhomo, manja kumbuyo, akumwetulira monyadira. Ahedi anawafunsa kuti shuga anamutenga kuti, poti wamuofesi anatha Lolemba.

"Kulabu, Bwana, m'mawa muja. Botolo lomwe lija la C12. Ndathira masupuni atatuatatu poti ndi alendo."

Mayi aja anaika kapu pansi pang'onopang'ono, anapukuta magalasi, n'kutembenukira kwa ine.

"Aphunzitsi, tatengani babu lija. Tiyese tiyi wa Ahediyu."