Pot ikule molingana ndi makhadi ako

Mtima wanga wakhala pansi sabata ino. Zoti makhadi amphamvu amafuna pot (ndalama zonse zimene zaponyedwa pakati pa tebulo) yaikulu ndipo apakatikati amafuna yaing'ono ndakhala ndikuzimva kuyambira pomwe ndinayamba kuphunzira masewera a makhadi a poker otchedwa No-Limit Hold'em, koma zinkangolowera khutu lino n'kutulukira linalo. Chimene chanditsegula mutu ndi samu ya ku pulayimale, kuchulukitsa ndi 3.

Tinene kuti aliyense ali ndi ma big blind 100 (big blind ndi ndalama imene wosewera mmodzi amakakamizidwa kuika makhadi asanagawidwe, small blind ndi theka lake; mayinawa ndi a osewera oika ndalamazo omwe). Inu muli pa button, mpando wosewera komaliza makhadi a pa tebulo akatuluka, mwakweza kufika 3, small blind wataya, big blind watsatira. Pot ndi 6.5, nonse mwatsala ndi 97. Mukabetcha pot yonse pa flop (makhadi atatu oyamba oikidwa pa tebulo) iye n'kutsatira, yafika 19.5. Muteronso pa turn (khadi lachinayi), yafika 58.5. Pa river (khadi lachisanu, lomaliza) muponyanso 58.5. Kuphatikiza zonse, mwaika 84.5, pafupifupi stack yanu yonse, ndalama zonse zimene muli nazo pa tebulo. Koma mukachita check (kudutsa osabetcha) kamodzi kokha, iyenso n'kuchita check, mwaika 26 basi.

Apa ndi pamene ndinaima. Check ya pa flop imaoneka ngati mwangosiya 6.5. Ayi ndithu. Kaya mwaichita pa flop, pa turn kapena pa river, imene yachoka ndi bet yaikulu ija ya 58.5, chifukwa pot yatsala ndi mipata iwiri yokha yokulira. Kukula kwa pot ya pa river kumakonzedwa pa flop, pamene ndalama zikadali zochepa ndipo palibe akutuluka thukuta.

Ndiye onani A-Q pa flop ya Q-8-3 yamitundu yosiyanasiyana. Muli ndi pair ya ma Q (makhadi awiri ofanana), makhadi abwino, palibe angatsutse. Koma ndani angakutsatireni katatu ndi ma bet a pot yonse? Wa K-Q kapena Q-J atsatira kamodzi, kawiri, kachitatu ayamba kukanda mutu. Wotsala mosangalala ndi wa 8-8, 3-3 kapena Q-8, ndipo onsewa akuposani. Pot ikamakula, amene mumawaposa amachoka, otsalawo ndi amene mumawaopa. Uli ndi kambale kamodzi ka usipa, suitana mudzi wonse. A-Q apa ikuyenera ma bet awiri, kapena atatu ang'onoang'ono.

Tsopano pa flop yomweyo mukhale ndi 8-8. Set, pamene pair yanu yapeza khadi lachitatu lofanana nayo pa flop, imabwera pafupifupi kamodzi pa maulendo 8.5 mukakhala ndi pair m'manja, ndiye ikabwera iyenera kulipira maulendo onse amene sinabwere. Ambiri apa amabisala, amachita check kuti mnzawo asathawe. Koma samu ija ikutembenuka: mwapulumutsa mnzanu ku 58.5 pofuna kumunyengerera ndi 6.5. Ndi set, betchani pa flop pomwepo.

Chida chimene ndachikonda kwambiri ndi SPR (stack-to-pot ratio, kuyerekeza stack ndi pot), imene Matt Flynn, Sunny Mehta ndi Ed Miller anaifalitsa m'buku lawo la 2007. Mugawa stack yotsala ndi pot ya pa flop, basi. M'chitsanzo chathu 97 kugawa ndi 6.5, pafupifupi 15, ndipo pair imodzi siyenera stack yonse. Koma pakakhala 3-bet (mnzanu wakwezanso pamwamba pa 3 yanu ija) kufika 10, pot imaposa 20, mwatsala ndi 90, SPR yatsika kufika pa 4 ndi pang'ono. Ma bet awiri okha a pot yonse atha pafupifupi chilichonse, ndipo A-Q yomwe ija yasanduka makhadi ovuta kutaya. Makhadi omwewo, flop yomweyo, chisankho china. Kwa ine nambala imeneyi ikuposa ma chart onse a preflop (kaseweredwe ka flop isanatuluke) amene anthu amaloweza usiku. Ena atsutsa, koma ndikuona kuti munthu woiwerengera pa flop iliyonse wathana ndi theka la mavuto ake.

Chondipweteka ndi aphunzitsi a m'mavidiyo. Munthu amatha ola lathunthu akuonetsa mabokosi ofiira ndi obiriwira a solver (pulogalamu ya pa kompyuta yowerengera kaseweredwe koyenera), bandulo ikutha, osanena n'kamodzi komwe kuti pot imakula katatu pa bet iliyonse yotere. Kwa iwo n'zodziwikiratu. Ife amene timaphunzira tikaweruka ku ntchito, maso atalemera kale, tikufuna wina ayambe ndi mzere umodzi umenewu, mabokosi abwere pambuyo.

Pali pamene sindinakhazikike. Ndikamabetcha kwambiri ndi set yokha, n'kumachita check ndi pair, munthu wamaso andiwerenga msanga, ndipo check yanga iliyonse aziikwera. Ma solver nawo pa flop ngati Q-8-3 amakonda bet yaing'ono ndi makhadi ambirimbiri, amphamvu ndi ofooka omwe, zomwe zikusokoneza lamulo langa latsopanoli. Komanso pali osewera ena amene satha kutaya Q-J ngakhale mubetche bwanji, ndipo kwa iwowa A-Q ikuyenera ma bet atatu aakulu. Mwina ndiye mphamvu ya makhadi iziyezedwa poyang'ana amene wakhala kutsogolo kwako, koma kuti ndizimuzindikira bwanji munthu woteroyo tebulo litangoyamba, pamenepo mutu ukadali wozungulira.