Zomwe ndaphunzira pophunzitsa ana a Fomu 1 kulemba za moyo wawo

Mwana wa Fomu 1 ukamuuza kuti alembe za moyo wake, amakupatsa zofanana ndi khadi la kusikelo: dzina, chaka chobadwa, mudzi, mfumu, kenaka "ndimakonda nsima ya matemba, ndikadzakula ndidzakhala namwino." Makope onse amafanana. Anawa si olephera ayi. Ku pulayimale anakhala akukonzekera chimangirizo cha mayeso a Sitandade 8, ndipo anazolowera kuti cholembedwa chabwino ndi chomwe mphunzitsi akuchiyembekezera kale.

Ndikuphunzira zauphunzitsi ku Domasi, ndipo teremu ino ndakhala ndikuyeserera ntchitoyi pa sekondale ina yoyendera, cha kumsewu wa ku Jali. Chomwe ndachigwira ndi ichi: mwana amayamba kulemba zenizeni ukamuchotsera moyo wonse n'kumusiyira kanthawi kamodzi. Mbiri ya munthu imayambira pa kubadwa n'kumatsata zaka. Nkhani ya zokumbukira imatola usiku umodzi, ulendo umodzi, mkangano umodzi, n'kuuyang'anitsitsa mpaka wolembayo aone chomwe chinasintha mwa iye.

Tsono tsiku loyamba sitinalembe. Aliyense anajambula njira yochokera kwawo kufika kusukulu, n'kuika kamtanda paliponse pomwe china chake chinamuchitikira: pamjigo, pamlatho, pachigayo, pansi pa mtengo wa mango. Atasankha kamtanda kamodzi, anakhala awiriawiri n'kumasimbirana. Womverayo ndinamulola mafunso atatu okha: unaona chiyani, unamva chiyani, ananena kuti chiyani? Ana athu pakamwa ndi akatswiri, anakulira m'nthano za "padangokhala". Amene papepala amalemba mizere itatu, pakamwa amasimba mpaka belu kulira. Ntchito yanga inali kusamutsa mawu omwewo kuti afike m'kope asanavale yunifolomu.

Ambiri anasankha namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023, ndipo apa ndi pomwe ndinaona kukula kwa ntchitoyi. Zolemba zoyamba zinali za pawailesi: "Mvula inagwa yambiri, katundu anawonongeka, anthu anavutika kwambiri." Zoona ndithu, koma mwanayo mulibemo. Mtsikana wina ndinamufunsa kuti, "Iwe potuluka m'nyumba unanyamula chiyani?" Anayamba wakhala chete, kenaka anati, "Nkhuku, madamu. Amayi anasenza thumba la mbewu ya mpunga, ine anandipatsa nkhuku yofungatira m'beseni pamodzi ndi mazira ake." Polembanso, nkhani yonse inazungulira besenilo: kulemera kwake, madzi ofika m'mawondo, mantha oti dzira lisweka amayi akamukalipira. Mawu oti "tinavutika" sanawalembe n'komwe, koma amene anawerenga anamva kuvutikako m'mafupa.

Kuno ku Zomba kuli nyumba yosunga zolembedwa zakale za dziko lino, ya National Archives, komanso mzindawu unali likulu mpaka 1975. Makalata a boma asungidwa. Koma zomwe mwana ananyamula usiku wa chigumula palibe ofesi yomwe ingazilembe, akapanda kulemba yekha zapita. Ndinawauzanso za Legson Kayira, amene anachoka kumpoto kwa dziko lino wapansi kufunafuna maphunziro, ndipo mu 1965 anatulutsa buku la moyo wake, I Will Try. Ana anadabwa kumva kuti Mmalawi wa kumudzi analemba za iye mwini anthu n'kumawerenga.

Funso lomwe linandisangalatsa kuposa onse linachokera kwa mnyamata wa cha ku Kachulu. Iye ankalemba za 2018, pomwe nyanja ya Chilwa inaphwa, mabwato n'kutsala pamatope ong'ambika, bambo ake n'kusiya usodzi kuyamba kabaza. Nthawiyo anali wamng'ono. Anati, "Madamu, mawu amene bambo ananena tsiku lija ndaiwala. Ndipeke?" Tinakambirana kalasi yonse. Tinagwirizana kuti mawu a munthu ungawalembe monga momwe ukuwakumbukira, bola tanthauzo likhale lomwelo, koma kuwonjezera chinthu chomwe sichinachitike ndiye bodza. Ndipo kulemba kuti "sindikumbukira ngati kunali m'mawa kapena madzulo" si kulephera, kumachititsa wowerenga kukukhulupirira. Mnyamatayo anakafunsa agogo ake, ndipo iwo anamusimbiranso za kuphwa kwa 1995, iye asanabadwe. Anabwera ndi nkhani ya mawu awiri, a kamwana komwe kanaona matope n'kumasangalala kuti kapeza bwalo la mpira, ndi a iye wa lero amene akudziwa chifukwa chomwe ndiwo zinasowera pakhomo. Mawu awiriwa ndiwo mtima wa zolemba za mtunduwu, ndipo ine sindinachite kuwalemba pabolodi, anawapeza yekha.

Za chiyankhulo ndidutse mwachangu. Ambiri kunyumba amayankhula Chiyao kapena Chilomwe, choncho ndinawalola kuti mawu a agogo awasiye momwe anatulukira. Ndinawalimbikitsanso pa mvekero: mdima wa bii, kukhala chete kuti zii, mwezi kuwala kuti mbee. Chiganizo chimadzuka nthawi yomweyo.

Mbali yolemera ndi ya chinsinsi, ndipo aphunzitsi anzanga amene mukufuna kuyesa phunziroli muiganizire musanagwire choko. Ukatsekula khomo la zokumbukira, simutuluka nkhuku ndi mabwato zokha. M'kalasi muli ana amasiye, ena bambo awo anapita ku Joni osabwerako, ena akusunga zinthu zomwe sanauzepo munthu. Kuno anyamata ndi atsikana ambiri amapita ku jando ndi ku nsondo patchuthi, ndipo za ku simba saulula. Mphunzitsi alibe ufulu wokakamiza mwana kuswa mwambo wa kwawo chifukwa cha malikisi. Ndinanena poyera kuti aliyense asankhe yekha nkhani, palibe wowerenga mokweza asanafune, ndipo mayina a anthu angathe kusinthidwa. Ndinanenanso china chomwe sichikoma kunena: ndikawerenga kuti mwana akuchitiridwa nkhanza, sindingakhale chete, ndidzayankhula naye kaye kenaka tidzapita kwa amene angathandize. Mwana ayenera kudziwa zimenezi asanalembe, osati atalemba kale. Pakona ya bolodi ndinalemba 116, nambala yaulere yothandiza ana yomwe a YONECO, amene likulu lawo lili konkuno, amayendetsa. Sindinaifufute teremu yonse.

Kuchonga nako kumafuna kudziletsa. Mwana wakupatsa imfa ya mlongo wake, iwe n'kumubwezera tsamba lofiira ndi zolakwika za kalembedwe, sadzakupatsanso kanthu. Polemba koyamba ndinkangoika mzere pansi pa chiganizo chomwe chandigwira, n'kulemba funso limodzi m'mphepete. Zizindikiro za m'kalembedwe, ndime ndi nthawi za aneni tinazikonza polemba kachitatu, ndipo pamenepo ana ankafuna okha kuti zikhale bwino chifukwa nkhaniyo inali yawo. Kalasi ndi yodzaza, makope ndi mulu, choncho kuwerengerana m'magulu kunandipulumutsa. Amene akuda nkhawa ndi silabasi asavutike: luso lomweli ndi lomwe lidzafunike pa chimangirizo chosimba nkhani pa mayeso a JCE.

Sabata yamawa tisoka zolembazi ndi ulusi kuti zikhale kabuku ka mulaibulale ya sukulu. Mulowa za okhawo amene avomera, ndipo amene atchula za m'banja akayamba awerengera makolo awo. Atsikana awiri apempha kuti zawo ndiwabwezere zisalowemo, ndipo ndawabwezera.