Fodya wathu ndi wa imodzi imodzi, kusiya kwake nkovuta pawekha

Malangizo ambiri osiyira fodya amene ndimawaona pa intaneti amayamba ndi zoti taya paketi yako, chotsa machesi mnyumba, usamadutse kushopu. Ine ndimangoseka. Paketi yake iti abale? Ambiri a ife osuta a kuno paketi yathunthu timaigula mwina tsiku lolandira basi, masiku ena onse ndi imodzi imodzi pa okala, pa benchi ya amayi ogulitsa maswiti ndi mtedza ku depoti, kwa mnyamata wa mayunitsi uja, ndipo machesi ake amakhala pompo. Nde palibe chotaya. Fodya wako amakusungira ndi anthu ena, ali pa kona iliyonse, ndipo ukakhala kasitomala wodziwika amakupatsa ndi pangongole pomwe, "tengani bwana mudzapereka mawa", iwe nkumaona ngati akukukonda.

Ndudu imodzi ndi ndalama yoti sumva kuwawa kuitulutsa, ndipo nthawi zambiri siikhala yako nkomwe. Mnzako wayatsa, iwe "aise undisiyireko", akoka kangapo akupatsira, wina nayenso akudikira pambuyo pako. Amene amati ine sindisuta ndimangopempha aja ndi osuta ndithu, kungoti amasutira mthumba mwa anzawo kkkk. Ndiye ukati wasiya, sikuti wangosiya utsi, wasiyanso kabwalo kaja koimirira kuseri kwa ofesi nthawi ya buleki, komwe nkhani zonse zenizeni za pantchito zimakambidwira. Anthu osasuta izi sazimvetsa, amaona ngati ndi nkhani ya kulimba mtima basi.

Ife tili ndi kagulupu kathu pa WhatsApp, sitili ambiri. Anayambitsa ndi madala ena atelala kuno ku Area 25, atamaliza mankhwala a TB miyezi 6 ija, adokotala anawauza mosapsatira kuti mapapo awo sapiriranso utsi. Iwo anangoyamba kuika mugulupumo aliyense amene anamumvapo akunena zosiya. Muli mlonda wina wogwira usiku, mnyamata wa kabaza, achimwene ena ali ku Johannesburg, mayi ena ogulitsa kaunjika, mkulu wina mlimi wa ku Kasungu, ndi ena ongowerenga osayankhula, plus ineyo.

Lamulo lalikulu ndi limodzi, chibaba chikakugwira lemba. Sufunika kufotokoza zambiri, ungoti "chandigwira" basi, ndipo amene ali pa intaneti nthawi imeneyo akuyankhe pompopompo, osati mawa. Chifukwa chake nchakuti chibaba sichikhalitsa. Chikonga chija, nikotini, chimafika ku ubongo mmasekondi ochepa ukangokoka, nchifukwa chake thupi linazolowera kuti likafuna lipatsidwe nthawi yomweyo, koma ukalimana njala yakeyo imakwera kwa mphindi zingapo kenako imatsika yokha. Nde ntchito ya gulu sikupereka malangizo ai, ndi kumutayitsa munthu nthawi mpaka chidutse. Ndipo tinapeza kuti mankhwala amphamvu kuposa onse ndi mpira. Mnyamata wa kabaza uja ndi wa Maule wa magazi, akangolemba kuti chandigwira madala atelala, amene ndi a Manoma kuyambira kalekale, amayamba kunyoza timu yake, mavoisi noti kutumizirana, mwana kukwiya kuiwala zoti amafuna kusuta, pomaliza mphindi 20 zatha ali mkati motchula zigoli za zaka zammbuyo. Palibe buku la zaumoyo limene lingalembe zimenezi koma zikugwira ntchito.

Vuto linali mlonda. Iye chibaba chake chimabwera cha mma 2 koloko usiku, kukuzizira, tulo tikumuvuta, fodya ndi amene ankamuthandiza kukhala maso zaka zonsezi, ndipo nthawi imeneyo tonse tili mtulo. Mwamwayi achimwene a ku Joni aja nawo amagwira shifiti ya usiku ndipo nthawi ya kumeneko ndi ya kuno ndi imodzi, nde awiriwa anangokhala ngati anatengana. Mmawa ukatsegula foni upeza mameseji ambirimbiri a usiku wonse, za mitengo ya zinthu, za ana, za lendi, pena za ziii, anthu awiri oti sanaonanepo maso ndi maso.

Achimwene omwewo ali ndi nkhani imene ndimaikonda. Mu 2020 nthawi ya Covid boma la South Africa linaletseratu kugulitsa fodya, kuyambira kumapeto kwa March mpaka mu August, pafupifupi miyezi 5 ndudu zosapezeka mmashopu. Iwo akuti sanasiye olo tsiku limodzi, ankagula wa mmakona pamtengo wokwera kangapo, wina wosadziwika ndi dzina lomwe, wowawa pakhosi. Boma lonse ndi apolisi ake linalephera kuwasiyitsa. Anadzasiya patapita zaka mwana wawo wamkazi atakana kuwakumbatira ati adadi mukununkha. Ine ndimati amene amaganiza kuti munthu amasiya chifukwa chomuopseza amve nkhani imeneyi.

Sabata yoyamba ndisakunamizeni ndi yoipa. Masiku atatu oyambawo ndiye pachimake, mtima umakhala wapachala, ukwiya ndi supuni yogwa pansi, tulo tosabwera kapena maloto achilendo, mutu kulemera, ena mmimba kumangika, ena kutsokomola kuposa nthawi imene ankasuta mpaka kuganiza kuti kusiyaku ndi kumene kukuwadwalitsa. Ai, ndi mapapo akutulutsa zinyalala. Pakamatha masabata awiri mpaka anayi zambiri mwa izi zimakhala zaphwa. Timawauza atsopano kuti achenjezeretu akunyumba, makamaka alamu athu, chifukwa ndi amene amalandira mkwiyo wonse popanda mlandu. Kanthu kena kamene ambiri sitinkadziwa ndi ka tiyi ndi khofi, utsi wa fodya umapangitsa thupi kuchotsa msanga kafini, nde ukasiya kusuta kapu yomwe ija imakhala ndi mphamvu kuposa kale, mtima kugunda, tulo kuthawa. Mlonda wathu anachita kuchepetsa masamba mufulasiki mwake.

Ndiye njala! Pakamwa ndi manja zimasowa chochita. Apa aliyense ali ndi chake, ena mtedza wokazinga, ena chimanga chootcha, ena chingamu, mayi a kaunjika amayenda ndi bwemba mchikwama. Ine ndimavotera nzimbe, chifukwa nzimbe imafuna manja onse awiri ndi mano omwe, kusenda, kutafuna, kulavula, ukamamaliza mfundo ziwiri chibaba chapita kale. Kungoti sungadye nzimbe mu ofesi. Za kunenepa zilipodi, ena mathalauza anayamba kuthina ndipo madala atelala amati nawonso apezapo bizinesi yokulitsa mchiuno. Zomata pakhungu zija ndi chingamu cha nikotini zimathandiza ndithu, zimapezeka mma famase ena mtauni, koma mtengo wake ambiri mugulu mwathu sangaukwanitse mwezi ndi mwezi, mmodzi yekha ndi amene anagwiritsapo ntchito.

Madala amakonda kutumiza kamndandanda ka bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, koti munthu akasiya kusuta pakatha maola 12 mpweya woipa wa mu utsi umatsika mmagazi, pakati pa masabata 2 ndi 12 magazi amayenda bwino ndipo mapapo amayamba kukoka mpweya bwino, pakatha chaka chiopsezo cha matenda a mtima chimatsika ndi theka, pakatha zaka 10 cha khansa ya mmapapo nachonso chimafika cha pa theka poyerekeza ndi amene akusutabe. Zoona zonsezo. Koma kunena chilungamo za zaka 10 sizigwira mtima munthu amene akulimbana ndi mphindi 10. Chimene chinasangalatsa gulu lonse ndi tsiku limene wa kabaza analemba kuti wakwera chitunda atanyamula kasitomala wonenepa osatsika kukankha njinga. Tinamuombera mmanja tsiku lonse, mpaka madala a Manoma anamuyamikira.

Kumene anthu amagwera kwambiri ndi kuwiri, kubala ndi kumaliro. Kubala nkodziwikiratu, botolo lachiwiri likangolowa malonjezo onse amasungunuka, nde ambiri amayamba apumira kaye mowa miyezi yoyambayo. Koma maliro sungawathawe. Amuna mukhala panja usiku wonse mozungulira moto, kukuzizira, nkhani zatha, ndudu ikuyenda dzanja ndi dzanja, ndipo amene akukupatsirayo mwina ndi amalume ako, kukana kumaoneka ngati mwano kapena matama a mtauni. Mmawa kumanda kokumba nakonso ndi chimodzimodzi. Tinagwirizana kuti amene akupita kumaliro anene mugulupu asananyamuke, ndipo pakhale mmodzi womuimbira usiku, foni ikalira amapeza chifukwa chodzukira pamoto paja.

Wina akagwa lamulo ndi loti anene tsiku lomwelo, ndipo palibe womulalikira. Izi tinachita kukangana. Panali bambo ena, anthu abwino ndithu opemphera, koma munthu akangoti ndasuta dzulo iwo mavesi asanu ndi ulaliki wa thupi ndi kachisi, mapeto ake anthu anayamba kubisa, ena kungotuluka mugulupu mwakachetechete. Pemphero likuwathandiza ambiri mwa ife, sindikutsutsa, koma munthu wamanyazi sabwerera. Tinawapempha mwaulemu kuti bambo mavesiwo muzitumiza mmawa kwa tonse, osati kwa amene wagwa. Anamva. Mkangano umene sunathe mpaka pano ndi woti wogwayo ayambirenso kuwerenga masiku kuchokera pa ziro kapena ai. Madala amati ziro basi, chilungamo. Ine ndimakana, munthu wakhala miyezi itatu osasuta, wasuta imodzi pamaliro a mayi ake, ukamuuza kuti zonse zija zafufutika mmutu mwake mumabwera zoti basi poti ndaononga kale ndingomaliza, nde imodzi ija imasanduka sabata yathunthu. Ambiri amene anasiyiratu anayesapo kangapo asanakwanitse, izi ndi zodziwika kulikonse.

Tilinso ndi kachipeleganyu. Aliyense amawerengera zimene akanaotcha pa sabata nkutumiza pa Airtel Money kapena Mpamba kwa mayi a kaunjika, amene ndi msungichuma wathu, ndipo mwezi ukatha mmodzi amatenga. Chiyambireni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 chilichonse chinakwera, ndudu nazo, nde timandalama ta imodzi imodzi tija tikaunjikana timadabwitsa. Wa kabaza anagulira matayala. Mayiwo paokha nkhani yawo ndi ina, iwo sankasuta ndudu, wawo ndi fodya wofwenkha amene anaphunzira kwa agogo awo, kabotolo kobisa mu chitenje zaka zambiri ngakhale amuna awo osadziwa bwinobwino. Ena poyamba ankati ameneyo si fodya weniweni, koma nikotini wake ndi yemweyo ndipo chibaba chake nchimodzimodzi, kungoti azimayi alibe kabwalo koti nkunenerapo poyera, amavutika okhaokha.

Amene ndimamumvera chisoni kwambiri komanso kumupatsa ulemu ndi mkulu wa ku Kasungu. Ife tikudandaula za okala, iye fodya ali kuseri kwa nyumba yake, wadzadza chigafa. Amalima bale, ndipo chingambwe sagula, amangothyola tsamba louma nkupichira mu pepala. Ndipo ngakhale asasute, nthawi yothyola masamba akakhala onyowa ndi mame nikotini amalowa kudzera pakhungu, nchifukwa chake alimi ndi matenanti ena amamva chizungulire ndi nseru mmunda, nde thupi lake limakumbutsidwa chikonga nyengo yonse. Anzake kumudzi amamuseka ati mlimi wa fodya osasuta ndi ndani, ena mpaka amati anthu osiya fodyanu mukufuna kugwetsa chuma cha dziko. Zimenezo ndi nthabwala chabe, fodya wodutsa ku okushoni ku Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu pafupifupi yense amapita kunja, ndudu yanga ya pa okala sinawonjezerepo mlimi olo tambala pa belo lake. Dziko lathu lomwe lino, limene ndalama zakunja zambiri limazipeza ku fodya, linalowa nawo mu pangano la WHO lochepetsa kusuta mu 2023, mochedwa kuposa maiko ambiri koma linalowa. Nde kulima ndi nkhani ina ya sukulu fizi ndi feteleza, kusuta ndi nkhani ya mapapo ako, mkuluyu sitimufunsa zosiya kulima ndipo sitidzamufunsa.

Ifenso a kuno kufupi ndi Kanengo nyengo ya msika timaidziwa ndi mphuno, malole a mabelo akayamba kundandana fungo lija limadzadza mumsewu, lokoma moipa kwa munthu amene wangosiya kumene. Koma ife timangodutsa pa minibasi. Mkulu wa ku Kasungu pano ali mkati mosankha masamba ndi kudinda mabelo, tsiku lonse mmanja muli fodya, ndipo kwawoko netiweki ya intaneti ndi ya mwayi, meseji ya "chandigwira" imatha kufika mawa lake. Nde kwa iye tasintha kachitidwe, tagawana masiku oti tizimuimbira foni yeniyeni madzulo akamaweruka, mpaka fodya wake atapita kumsika. Langa ndi Lachinayi, ndipo madala atelala atenga masiku awiri ati poti iwo ndi mkuluyo onse ndi a Manoma ali ndi zambiri zoti adandaulirane.