Maiwe ofiira aku San Francisco

Ndege itayamba kutsika ku San Francisco ndinasuzumira pawindo nkuona maiwe akuluakulu, ena ofiira ngati magazi ena apinki ena obiriwira, mumtima ndinangoti awa nde makemiko otayidwa ndi mafakitale basi. Mawa lake msuweni wanga amene amagwira ntchito mu labu ananditengera komweko ku Don Edwards, malo otetezedwa mbali ya Fremont, tikuyenda m'mphepete mwa madziwo mphepo yozizira ikutimenya, fungo lake ngati mazira owola kkkk. Eti ndi maiwe opangira mchere, madzi a m'nyanja amawatsekera kuti aziphwa ndi dzuwa, mchere ukachuluka nsomba zimalephera kumangotsala ndere ndi tizilombo tokonda mchere, timeneto nde timafiiritsa madziwo.

Apa asuweni anayamba kulalikira ndipo sanasiye mpaka pagalimoto. Akuti khungu la selo ndi lamafuta, nde kanthu kokhala ndi chaji monga proton kapena sodium sikangadutsepo pakokha, kamafuna khomo. Kachilombo kena ka m'madzi ngati amenewa, Halobacterium, kali ndi zigamba zapepo pakhungu pake zodzaza puloteni yotchedwa bacteriorhodopsin, mkati mwake muli retinal yomweyi ili m'maso mwathuyi yochokera ku vitamini A. Kuwala kukaimenya imapindika nkukankhira proton imodzi kunja, ndipo ma proton aja pobwerera mkati kudzera khomo lina selo imapangirapo mphamvu. Pampu yoyendera dzuwa abale, m'madzi onunkha chonchi! Anaitulukira ndi Dieter Oesterhelt ndi Walther Stoeckenius mu 1971 mu San Francisco momwemo.

Tikuwoloka mlatho wa Dumbarton anandilozera kutsogolo kuti yunivesite ya Stanford ili uko, kumene mu 2005 Karl Deisseroth ndi Ed Boyden ndi anzawo anatenga puloteni ina yokhala ngati khomo lotseguka ndi kuwala, channelrhodopsin ya ndere yotchedwa Chlamydomonas, nkuiika m'maselo a ubongo wa khoswe, akawalitsa nyali yabuluu khomo limatseguka sodium nkulowa selo nkutumiza uthenga pompo. Ine zimenezo zinandiopsako pang'ono, kuyatsa ubongo ngati babu.

Chomwe chinandiwawa nchakuti ndinkafuna kutungako timadzi tofiirato m'botolo kuti ndikaonetse anthu koma asuweni anakanitsitsa, akuti m'malo otetezedwa satengamo kanthu. Ndinangobwerako ndi matope pansapato, anauma nkuyera mbuu ndi mchere.