Kukaphunzitsa Chingerezi kunja imvi zitamera: yambani mwaona pasipoti musanalipire kosi

Munthu akapuma pantchito ya uphunzitsi, kapena akatopa ndi ofesi ali ndi zaka 50, n'kumva kuti ku Asia akusaka aphunzitsi a Chingerezi, amathamangira kulipira pa intaneti kosi ya TEFL, yophunzira kaphunzitsidwe ka Chingerezi kwa anthu a zilankhulo zina. Ndalama zambiri zalowa m'madzi mwanjira imeneyi. Kosi ndi yofunika ndithu, koma siyoyambira. Mwini sukulu akhoza kukukondani, koma boma la dziko lake likakana kukupatsani chilolezo chogwirira ntchito, nkhani yathera pomwepo. Ndipo bomalo limayang'ana pasipoti yanu, chaka chimene munabadwa, ndi digiri.

Tiyambe ndi pasipoti. Ku South Korea viza ya aphunzitsi a Chingerezi, imene amaitcha E-2, ndi ya nzika za America, Canada, Britain, Ireland, Australia, New Zealand ndi South Africa. Malawi, Zambia ndi Zimbabwe mulibe pamndandandawo, ngakhale mutamalankhula Chizungu cha m'mphuno. Achibale amene anatenga unzika wa ku Joni kapena ku Britain ali ndi mwayi, bola digiri yawonso ikhale yochokera m'maiko omwewo. Ku China nakonso kawirikawiri amafuna wobadwira m'Chingerezi kapena amene digiri yake anaitengera kudziko la eni chilankhulocho. Mwa ichi, wa pasipoti ya Malawi ayang'ane kwambiri Thailand, Vietnam, Cambodia ndi Japan. Ku Thailand amapempha umboni wa mayeso a Chingerezi kwa amene si eni chilankhulo, ndipo malikisi odziwika ndi 600 pa mayeso a TOEIC. Zimawawa kulemba mayeso otere utaphunzitsa Chingerezi zaka 25, koma ndi ophweka, lembani mudutse.

Ku Japan kuli lamulo limene ambiri salidziwa. Viza yophunzitsira chilankhulo m'masukulu imafuna kuti munthu akhale ataphunzira zaka 12 m'chilankhulocho. Amene tinaphunzira kale ku Malawi tinayamba kuphunzira zonse m'Chingerezi mu Sitandade 5. Werengani: zaka 4 za ku pulayimale, 4 za ku sekondale, 4 za ku yunivesite, zakwana 12 ndendende. Vuto ndi umboni. Muyenera kupeza makalata a masukuluwo, a chidindo, onena kuti maphunziro ankachitika m'Chingerezi ndiponso zaka zimene munali kumeneko. Sukulu ya kumudzi imene kaundula wake anadyedwa ndi chiswe ingakutengereni miyezi, ndiye yambani msanga.

Tsopano msinkhu. Nambala yoti muisunge pamtima ndi 60. Ku China chilolezo cha aphunzitsi wamba chimalekeza pa zaka 60, ndipo masukulu a boma ku Thailand nawonso amapumitsa anthu pa 60. Pulogalamu ya boma la South Korea yolemba aphunzitsi a Chingerezi, ya EPIK, imalandira osafika zaka 62. Wa zaka 48 ali ndi nthawi yokwanira. Wa zaka 58 aganize kawiri, chifukwa kosi ndi mapepala zingadye theka la chaka, n'kutsala ndi kontirakiti imodzi kapena ziwiri.

Za digiri n'zachidule. Maiko ambiri amafuna digiri yoyamba ya phunziro lililonse, kaya ndi zaulimi kaya ndi akaunti. Satifiketi ya ku TTC kapena dipuloma sizilowa m'malo mwake, ngakhale mutakhala katswiri wa choko. Cambodia ndi limodzi mwa maiko ochepa kumene masukulu ambiri amalemba opanda digiri, koma malipiro ake ndi otsikirapo.

Mukatsimikiza kuti dziko lakutilakuti lingakulandireni, m'pamene musankhe kosi. Yochepetsetsa imene olemba ntchito amaiwerengera ndi ya maola 120. Kosi ya CELTA ya yunivesite ya Cambridge ndiyo yolemekezeka: milungu 4 kapena 5 ya tsiku ndi tsiku, zolemba 4, ndi maola 6 ophunzitsa ophunzira enieni mphunzitsi wanu atakhala kumbuyo n'kumalemba zolakwa zanu. Kosi ya CertTESOL ya Trinity College London ndi yofanana nayo. Ndi zodula, koma kwa munthu wamkulu amene pasipoti yake si ya maiko okondedwa aja, pepala lodziwika limamulankhulira. Makosi otchipa a mlungu umodzi, opanda kuima pamaso pa kalasi, ndi ongokometsera khoma.

Mapepala ali ndi dongosolo lake, ndipo ambiri amapunthwa polisokoneza. Digiri ndi satifiketi sizitha ntchito, ndiye muyambe ndi zimenezo: zitsimikizidwe ndi loya, kenako zidindidwe ndi boma. Malawi ali m'pangano la ku Hague la chaka cha 1961 lokhudza kutsimikiza zikalata, choncho chidindo cha bomacho, chimene amachitcha apostille, chimakwanira kumaiko amene ali m'panganolo, monga Japan ndi China, imene inalowamo mu November 2023. Kumaiko ena pamafunikanso chidindo cha ofesi ya kazembe wawo, imene mwina ili ku Pretoria osati ku Lilongwe. Kalata ya apolisi yosonyeza kuti mulibe mlandu, ija amadinda zala, muitenge komalizira, chifukwa maiko ambiri amaikana ikapitirira miyezi 6. Onetsetsaninso kuti dzina ndi limodzi papepala lililonse. Amayi amene digiri ili m'dzina la kwa makolo pamene pasipoti ili m'dzina la kubanja atenge chikalata cha ukwati kapena cholumbira kwa loya. Chilembo chimodzi chosiyana, L m'malo mwa R, chimabweza fayilo yonse.

Kupimidwa m'thupi kulipo pafupifupi kulikonse. BP ndi shuga sizilepheretsa ntchito ngati mukumwa mankhwala, koma nyamulani kalata ya dokotala yolemba dzina lenileni la mankhwalawo, osati la kampani. Ku Japan mankhwala opitirira mwezi umodzi amafuna chilolezo chopempheratu musananyamuke. Maiko a ku Gulf monga UAE amayeza HIV ndi TB, ndipo wopezeka ndi HIV sapatsidwa chilolezo chokhala m'dzikomo. Ndi bwino kudziwiratu zimenezi tikiti isanagulidwe.

Chovuta kwenikweni kwa aphunzitsi akale chili m'kalasi. Tinazolowera kuima kutsogolo kwa ana 100, kulankhula mphindi 30, kudzaza bolodi, n'kufunsa "Are we together?", ana n'kuyankha pamodzi kuti "Yees!" Kumeneko amene akulipira ndalama zake akufuna kulankhula yekha. Mphunzitsi alankhule pang'ono, ophunzira akambirane awiriawiri, iye azizungulira n'kumamvetsera zolakwa zoti akonze kumapeto. Mulibenso Chichewa chothawirako akapanda kumva. Mukaphunzitsa "I used to smoke", musafunse ngati amva, chifukwa adzangogwedeza mitu mwaulemu. Funsani: "Do I smoke now?" Akati ayi, funsaninso ngati ndinasuta kamodzi kokha kapena kambirimbiri. Mayankho awiriwo ndiwo akuuzeni ngati zalowa. Malangizo akhale a mawu 5 kapena 6, pang'onopang'ono, mukusonyeza ndi manja, ndipo mapepala mugawe mukamaliza kulankhula. Mukagawiratu, maso onse apita papepala. Achinyamata amene sanagwirepo choko amazitola msanga zimenezi. Amene amavutika ndi mahedimasitala opuma, chifukwa sikuphunzira kokha ayi, n'kusiyanso zimene zinalowa m'magazi, ndi kulola kudzudzulidwa ndi mwana wa msinkhu wa mdzukulu wako.

Ntchito zochuluka ndi za tiana ta mkaka: kuimba, kudumpha, kukhala pansi n'kudzuka tsiku lonse. Maondo a zaka 55 amadandaula. Kumene imvi zimagula ndi kuphunzitsa akuluakulu a m'makampani, kukonzekeretsa anthu mayeso a Chingerezi a IELTS, ndi m'makoleji. Amene munagwirapo kubanki, kuchipatala kapena kuhotela, ikani zimenezo pamwamba pa CV, ifupike kufika masamba awiri, ndipo mujambule kavidiyo ka mphindi imodzi kapena ziwiri kuti amve kalankhulidwe kanu. Tisabisane: pali masukulu amene amakana munthu atangoona khungu pachithunzi. Tumizani makalata ambiri, ndipo kumbukirani kuti chaka cha sukulu ku Thailand chimayamba mu May, ku Japan mu April, ndiye kulemba anthu kumatentha miyezi iwiri kapena itatu izi zisanafike.

Pa kontirakiti, mbewa ya manyazi idafera kuuna. Funsani ngati maola olembedwawo ndi ophunzitsa okha kapena akuphatikiza kukhala muofesi, amene alipire viza ndi inshuwalansi ndani, ndi chilango chochoka chaka chisanathe. Malipiro oyamba amabwera patatha mwezi kapena kuposerapo, pamene lendi ndi dipoziti zikufunika tsiku lofika, choncho nyamulani ndalama za miyezi iwiri ndi za tikiti yobwerera, osati penshoni yonse. Wokuuzani kuti mubwere pa viza ya alendo "tikonzera konkuno" akukuikani m'manja mwa apolisi, ndipo wothamangitsidwa ndinu, osati iye. Madobadoba a pa Facebook ndi WhatsApp opempha ndalama kaye muwasiye. Ku Asia komweko, ku Myanmar ndi Cambodia, muli misasa imene anthu anakopedwa ndi malonda a ntchito n'kukatsekeredwa kuti azibera anzawo pa intaneti. Pemphani kulankhula pavidiyo ndi mphunzitsi wachilendo amene ali pasukulupo panopa, ndipo pasipoti yanu isagone m'kabati ya bwana.